Phunziro la lero: mchere wa pinki ndi mapilisi a ayodini, tisanapikule tidziwe izi

Sabata ino kuno ku Business Bay anzathu angapo andifunsa ngati mchere wa pinki uja wa Himalaya ungayende malonda kumudzi. Kuyenda ungayende, koma musanamwaze mpamba tiyeni tikambe kaye za ayodini.

Ayodini ndi kamchere kamene thupi limafuna pang'ono zedi: mamaikulogalamu 150 patsiku kwa munthu wamkulu, ndi 250 kwa mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, malinga ndi WHO. Kachiwalo ka pakhosi kotchedwa chithokomiro kamagwiritsa ntchito ayodini popanga timadzi toyendetsa kakulidwe ka thupi ndi ubongo. Akasowa, khosi limatupa. Choopsa kwambiri n'chakuti mwana ali m'mimba ubongo wake sukula bwino, ndipo zimenezo sizibwerera.

Kwathu kulibe nyanja ya mchere. Usipa ndi chambo n'zabwino, koma ayodini wake ndi wochepa poyerekeza ndi nsomba za m'nyanja ya mchere. N'chifukwa chake mu 1995 Malawi idakhazikitsa lamulo loti mchere wodya uzikhala ndi ayodini, ndipo a Malawi Bureau of Standards amayeza mchere wolowa m'dziko.

Apa ndiye pagona nkhani. Mchere wa pinki wambiri alibe ayodini wothiramo. Mukadzaza kontena osawerenga paketi, katundu atha kukanidwa pa boda, mpamba n'kulowa m'madzi. Akadutsa, mayi woyembekezera amene wasiya mchere wamba chifukwa cha mchere wanuwo ndiye aluze. Ndiye onani ngati paketi yalembedwa kuti iodised, ndipo saplaya akupatseni pepala la ku labu musanalipire.

Nanga mapilisi? Samalani, makamaka aja a kelp, chifukwa mlingo wa ayodini umasiyana botolo ndi botolo. Ayodini akachuluka amasokonezanso chithokomiro chomwecho. Ife ndife a geni, si madokotala. Kasitomala wotupa pakhosi muuzeni apite kuchipatala, osamugulitsa botolo. Ndipo ayodini wopaka pabala uja si wakumwa, chonde.

Pomaliza, mchere wa ayodini usungeni pouma, potseka, kutali ndi dzuwa, chifukwa chinyezi ndi kutentha zimamuthawitsa.

Phindu ndi labwino abale, koma kasitomala wathanzi ndi amene amabweranso mawa. Amene munatumizako mchere kumudzi, tiuzeni mmene zidayendera pa boda.