Wi-Fi Ikamadukaduka: Ndi Kutentha Kapena Driver?

Alimi anzanga, makalabu ena tsopano ali ndi laputopu yoonerapo mitengo ya mbewu ndi kulemberana ndi ogula. Intaneti ikaduka pa tsiku lotumiza mtengo, msika umapita kwa ena. Langizo langa ndi lomwe lija ndimapereka masamba a chimanga akachita chikasu: musathamangire kugula mankhwala musanadziwe matenda.

M'kati mwa laputopu muli kachipangizo kolandira Wi-Fi. Kuti kamvane ndi Windows, kamadalira pulogalamu yotchedwa driver. Kakamavuta, kawirikawiri gwero limakhala kutentha kapena driver.

Choyamba, onani nthawi imene vutolo limayamba. Ngati m'mawa zonse zikuyenda bwino koma intaneti ikuduka makinawo akagwira ntchito kwa ola limodzi kapena awiri, pansi pake potentha ndipo fani ikulira kwambiri, ganizirani kutentha. Malaputopu ambiri anapangidwa kuti azigwira ntchito pamalo osapitirira madigiri 35, pomwe ku Chikwawa ndi ku Nsanje m'mwezi wa Okutobala kumatha kupitirira 40. Musaike laputopu pa thumba la chimanga kapena pa bulangete, chifukwa mumatseka mabowo opumira. Ikani pa tebulo, pamthunzi, ndipo muikweze pang'ono kumbuyo ndi timatabwa. Fumbi la m'nyumba yosungira mbewu limadzaza mu fani, choncho izimitseni ndi kupukuta mabowowo ndi burashi youma.

Chachiwiri, ngati Wi-Fi ikukana ngakhale makinawo ali ozizira, makamaka Windows itangodzikonza kumene, ganizirani driver. Tsegulani Device Manager, kenako Network adapters. Kachizindikiro kachikasu pa dzina la kachipangizoko ndi umboni woti pali vuto. Tsegulani Properties ndi kusankha Roll Back Driver kuti mubwerere ku driver yakale. Zikakanika, lumikizani foni ku laputopu ndi chingwe cha USB, yatsani USB tethering pa foniyo, ndipo mutenge driver yatsopano pa webusaiti ya kampani yomwe inapanga laputopuyo, monga HP, Dell kapena Lenovo. Pewani mawebusaiti osadziwika, ena amabisa mavairasi.

Zonsezi zikalephera, m'pamene muyenera kupita kwa katswiri kapena kugula kachipangizo ka Wi-Fi kolowetsa pa USB. Ndalama za kalabu n'za thukuta, tisazimwaze pa matenda ongoganizira.