Phunziro 23: Tizirombo Tosamva Mankhwala

Nyengo yachisanu ikafika ku Mchinji, ana ambiri amatsokomola. Ena chifuwa chimangotha chokha, koma ena amatentha thupi, amapuma mofulumira, ndipo nthiti zimaloŵa m'kati akamakoka mpweya. Matenda ameneŵa ndi chibayo.

Kaŵirikaŵiri chibayo chimayamba ndi tizirombo ta mtundu wa Streptococcus, tosaoneka ndi maso. Timakhala m'mphuno mwa ana ambiri osawadwalitsa, koma tikaloŵa m'mapapo kapena m'magazi, mwana akhoza kumwalira masiku ochepa okha.

M'chaka cha 1928, Alexander Fleming wa ku London anatulukira penisilini, mankhwala amene pambuyo pake anapulumutsa anthu osaŵerengeka. Koma mu 1945 mwini wakeyo anachenjeza kuti munthu akamwa mankhwala opereŵera, tizirombo timawazoloŵera. Mau ake anapherezera. Mu 1977 madokotala a ku Durban ndi ku Johannesburg anapeza ana odwala amene tizirombo tawo sitinkamvanso penisilini ndi mankhwala ena angapo.

Kodi zimenezi zimachitika bwanji? Taganizani za mlimi amene wapalira munda wake mwamphwayi. Udzu wanthete umauma, koma kapinga wa mizu yolimba amatsala, naphukanso, mpaka kudzaza munda wonse. N'chimodzimodzi m'thupi. Mwana akamwa mankhwala masiku aŵiri okha m'malo mwa masiku onse amene adokotala ananena, tizirombo tofooka timafa, tolimba n'kutsala. Totsalato timaswana, ndipo mwanayo akatsokomola amapatsira anzake tizirombo tosamva mankhwala.

Ku Mchinji nkhaniyi ndi yofunika kwambiri. Tsiku lililonse anthu amadutsa pachipata cha Mwami kupita ku Chipata, m'dziko la Zambia, kukachita malonda kapena kukaona abale, ndipo a kumeneko amabweranso kuno. Munthu amafunsidwa chiphaso, koma tizirombo tili m'mphuno mwake palibe amatifunsa. Komanso m'misika ina muli anthu ogulitsa makapisozi popanda chilolezo. Mai akakhala ndi ndalama zochepa amamuŵerengera aŵiri kapena atatu, osafunsa n'komwe msinkhu wa mwana. Sitinganene kuti maiyo ndi wosasamala, pakuti chipatala chimatalika ndipo mwana akulira kumsana. Koma makapisozi atatuwo ndiwo kupalira kwamphwayi kuja.

Kale ana a chibayo m'Malaŵi ankapatsidwa Bactrim. Ofufuza a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anapeza kuti tizirombo tambiri ta chibayo sitikuwamvanso mankhwalaŵa. Masiku ano azachipatala amapereka amoxicillin. Nayenso tikamseŵeretsa, adzatha mphamvu.

Mu November 2011 boma linayamba kupereka katemera wa chibayo. Khanda limabayidwa katatu: likakwanitsa masabata 6, 10 ndi 14. Katemerayu amaperekedwa kwaulere kusikelo, pachipatala chachikulu cha Mchinji ndi m'zipatala zazing'ono monga Mkanda ndi Kochilira.

Mafunso

1. Tchulani zizindikiro zitatu za chibayo.
2. Kodi Alexander Fleming anachenjeza zotani mu 1945?
3. Fotokozani m'mene kapinga akufanirana ndi tizirombo tosamva mankhwala.
4. Mng'ono wanu wapeza bwino, koma mankhwala amene analandira kuchipatala sanathe. Kodi mungawauze chiyani amai anu?
5. Pangani ziganizo ndi mau aŵa: mwamphwayi, kupherezera, chiphaso.