Amayi akuiwalaiwala, mwana ali ku Johannesburg

Funso: Mayi wina wokhala ku Johannesburg walemba kuti amayi ake a zaka 74, omwe ali kumudzi ku Zomba, akumaiwala mphika pamoto ndipo anasochera pochokera kuchigayo. Angawathandize bwanji ali kutali?

Yankho la dokotala: Zizindikirozi zikufanana ndi dementia, matenda owononga ubongo pang'onopang'ono, omwe kawirikawiri amabwera chifukwa cha matenda a Alzheimer. Si ufiti, ndipo achibale asalole aliyense kuwanenera zimenezo. Agogowo akapimidwe kuchipatala cha boma kapena ku Zomba Mental Hospital.

Akatswiri a occupational therapy, othandiza odwala pa ntchito za tsiku ndi tsiku, amayambira pakhomo. Agogo asalandidwe ntchito zonse: azitongola chimanga ndi kusesa pabwalo, koma pophika pazikhala wina. Machesi, palafini ndi mankhwala zibisidwe. Usiku nyali ya sola iziwunikira njira ya kuchimbudzi, ndipo nambala ya foni ya wachibale isokeredwe pachovala chawo.

Mwanayo aziimbira amayi ake pa WhatsApp ola lomwelomwelo tsiku lililonse, osawafunsa kuti "Mukundidziwa?" chifukwa funsolo limangowachititsa manyazi. Azichezanso ndi wowasamalira, ndi kulipira wina womupumitsa.

Agogo akasokonezeka mwadzidzidzi, akatentha thupi, akagwa kapena akakana kudya, achibale apite nawo kuchipatala tsiku lomwelo.