Sitima Siidikira Munthu: Mafunso a Omvera pa za Kutsika Padoko Tsiku Limodzi

WOULUTSA: Makalata a lero ndi okhudza sitima zikuluzikulu zapamadzi zonyamula alendo okaona malo, zija zimafika padoko m'mawa, madzulo n'kunyamuka kulowera dziko lina. Mu situdiyo muno tili ndi mayi amene ntchito yawo ndi yokonzera anthu maulendo oterewa. Mayi, takulandirani.

KATSWIRI: Zikomo bambo.

WOULUTSA: Kalata yoyamba yachokera ku Leeds, kwa mayi ena amene ndi namwino kumeneko. Akuti: "Ine ndi bambo a kunyumba takhala tikusunga ndalama, ndipo mwezi wa June tikwera sitima yozungulira nyanja ya Mediterranean. Papepala la ulendo alembapo kuti tidzaima ku Rome, koma pambali pake pali dzina lina, Civitavecchia. Kodi tikatsika tidzangoyenda wapansi mpaka kwa Papa?"

KATSWIRI: Mayi, mwachita bwino kufunsa nthawi ikadalipo. Mzinda wa Rome suli m'mbali mwa nyanja. Sitima yanu idzakocheza ku Civitavecchia, tauni ya doko imene ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 80 kuchokera ku Rome. Ndi doko lakalekale, analimangitsa ndi mfumu Trajan zaka pafupifupi 1,900 zapitazo, ndipo lero ndi limodzi mwa madoko amene amalandira alendo ochuluka kwambiri ku Ulaya.

Ulendo wake uli pawiri. Choyamba ndi kutuluka m'dokomo, chifukwa ndi lalikulu, ndipo sitima zina zimaima kutali ndi chipata. Pamakhala mabasi aulere a doko amene amakutengani pafupi ndi sitima n'kukakutsitsani pamalo otchedwa Largo della Pace. Kuchoka pamenepo kukafika kusiteshoni ya sitima yapamtunda ndi mphindi 20 kapena kuposerapo pang'ono wapansi, koma palinso basi ya m'tauni yolipira ndalama yochepa.

Chachiwiri ndi sitima yapamtunda, ija amaitcha Regionale. Imanyamuka pafupifupi kawiri pa ola, ndipo tikiti yake ndi pafupifupi mayuro 5 ulendo umodzi. Popeza mtima wanu uli kwa Papa, musadikire kukafika ku Termini, siteshoni yaikulu ya mumzinda. Mutsike pa Roma San Pietro. Mudzafikapo ola lisanakwane kapena litangokwana, ndipo kuchoka pamenepo ndi mphindi 10 kapena 15 wapansi kufika pabwalo la tchalitchi cha Petulo Woyera.

WOULUTSA: Za matikiti pali chimene ayenera kusamala nacho?

KATSWIRI: Chilipo bambo, ndipo alendo ambiri amalipira nacho chindapusa. Tikiti ya pepala ya sitima zimenezi simangogula n'kukwera. Musanalowe m'sitima, muilowetse m'kamakina kamene kamakhala pasiteshoni kuti kaidinde tsiku ndi nthawi. Woyendera matikiti akakupezani ndi yosadinda, amakutengani ngati munthu wopanda tikiti. Mufunsenso za tikiti yotchedwa BIRG. Imeneyo ndi ya tsiku lonse, imakulolani kupita ndi kubwerera, komanso kukwera mabasi ndi sitima zapansi pa nthaka mumzinda wa Rome popanda kugulanso ina.

Ndiwonjezere chimene mayiwa sanafunse koma ndi chachikulu. Ngati pasipoti yanu ndi ya Malawi, chilolezo chokhala ku Britain sichikulowetsani ku Italy. Mufunika viza ya Schengen, ndipo ngati sitimayo idzaimanso m'dziko la kunja kwa Schengen monga Turkey kenako n'kubwerera, vizayo ikhale yolowera kangapo. Opanda viza yoyenera amabwezedwa pokwera pomwe, ulendo usanayambe.

WOULUTSA: Kalata yachiwiri ndi ya bambo ena a ku Area 18 ku Lilongwe. Ana awo awagulira ulendowu pokondwerera kupuma pantchito. Akuti: "Ndine Mkatolika, ndipo ndinalipo pamene Papa Yohane Paulo Wachiwiri anabwera kuno mu 1989. Ndikufuna ndikapemphere pamanda ake, ndikaone Sistine Chapel, Colosseum, kasupe wa Trevi ndi Pantheon. Sitima idzafika 7 koloko m'mawa n'kunyamuka 7 koloko madzulo. Maola 12 ndi okwana, si choncho?"

KATSWIRI: Bambo, kalata yanu yandikhudza, ndipo ndikufuna mukafike pamanda amenewo ndi mtima wodekha. N'chifukwa chake ndikuuzani mosabisa kuti maola 12 amenewo mulibe. Tiyeni tiwerengere limodzi, ndipo tiyambire kumadzulo, chifukwa tsiku la padoko limakonzedwa kuyambira pa nthawi yobwerera.

Sitima ikamanyamuka 7 koloko, kawirikawiri amafuna kuti aliyense akhale atalowa pofika hafu pasiti sikisi. Nthawi imeneyo amaitcha all aboard, ndipo amailemba pachikwangwani pakhomo lotsikira. Kuti mulowe popanda kuthamanga, mukhale mwafika pasiteshoni ya Civitavecchia cha m'ma 5 koloko, chifukwa madzulo pamabasi a doko pamakhala mzere wautali. Ndiye kuti ku Rome muyenera kunyamuka cha m'ma hafu pasiti 3. Musasankhe sitima yomaliza imene ingakufikitseni panthawi yake. Sankhani imene kumbuyo kwake kukubwera ina imodzi kapena ziwiri, kuti yanu ikachedwa kapena ikalephereka mukhale ndi pothawira. Tsono m'mawa, ngakhale sitima ifike 7 koloko, pomadzatsika, kutuluka m'doko ndi kukwera yapamtunda, ku Rome mudzafika cha m'ma 10 koloko. Maola anu enieni mumzindamo ndi asanu kapena asanu ndi theka.

Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Sankhani mbali imodzi ya mzinda. Kwa inu ndi Vatican. Kulowa m'tchalitchi cha Petulo Woyera n'kwaulere, koma mzere wofufuza zikwama umatha kukudyerani ola lathunthu nyengo ya alendo ambiri. Manda a Yohane Paulo Wachiwiri ali m'tchalitchi momwemo, kudzanja lamanja mukalowa, pafupi ndi chosema cha Pietà. Anawasamutsira pamenepo mu 2011. Muvale zophimba mapewa ndi mawondo, apo ayi alonda adzakubwezani pakhomo.

Sistine Chapel ili mkati mwa nyumba zosungira zinthu zakale za Vatican, ndipo khomo lake ndi lina, mumazungulira mpanda. Kumeneko n'kolipira, ndipo tikiti mugulire pa intaneti masabata angapo tsikulo lisanafike, yokhala ndi ola lolowera. Lamulungu amatseka, kupatula Lamulungu lomaliza la mwezi. Muonenso ngati tsiku lanu ndi Lachitatu, chifukwa m'mawa wa Lachitatu Papa akakhalapo amakumana ndi anthu, ndipo msonkhanowo ukakhala pabwalo, tchalitchi sachitsegulira alendo mpaka cha kumasana. Colosseum ili mbali ina ya mzinda ndipo imafuna tsiku lake. Mukaiumiriza pa tsiku lomweli mudzaona zonse mothamanga, pemphero lomwe mwayendera osalipeza.

WOULUTSA: Mayi, pali uthenga wa achimwene ena a ku Dublin. Akufunsa kuti: "M'sitima akugulitsa ulendo wa basi wopita ku Rome pamtengo wokwera kangapo kuposa tikiti ya sitima yapamtunda. Kodi uku si kutidyera chabe?"

KATSWIRI: Mtengowo ndi wokweradi achimwene, koma mudziwe chimene mukugula. Simukulipira basi yokha. Ulendo ukakhala wogulidwa m'sitima, basi ikachedwa pamsewu kaputeni amadikira, ndipo ngati sangathe kudikira, kampani ndi imene imakufikitsani kudoko lotsatira. Mukayenda panokha, sitima siikudziwani. Nthawi ikakwana amachotsa mlatho wokwerera, chifukwa malo apadoko ndi olipira, ndipo kutsogolo kuli doko lina limene likuyembekezera sitimayo panthawi yake.

Ndiye ndimalangiza motere. Ngati ndinu wamphamvu, munayendapo m'mayiko a eni, ndipo sitima ikhala padoko mpaka madzulo, kwerani sitima yapamtunda, ndalama yotsalayo mukadyere nkhomaliro yabwino. Koma ngati muli ndi ana aang'ono, kapena ndi ulendo wanu woyamba, kapena sitima ikunyamuka molawirira, lipirani wa m'sitimawo. Pakati pa ziwirizi pali ulendo umene basi imangokutulani mumzinda n'kukuuzani ola lokumana, mukatero mumayenda nokha. Takisi iliponso, koma ulendo umodzi umapitirira mayuro 100, choncho imapindula mukakhala anthu angapo osonkherana. Mugwirizane mtengo musanakwere.

Mumvetsenso mawu awa a Chitaliyana: sciopero. Ndi sitalaka. Ku Italy ogwira ntchito za sitima ndi mabasi amanyanyala ntchito kawirikawiri, koma amalengeza masiku angapo zisanachitike. Pa masiku antchito sitima zina za Regionale zimayendabe kuyambira 6 mpaka 9 koloko m'mawa, ndiponso 6 mpaka 9 koloko madzulo. Taonani msampha wake: m'mawa mudzapita bwinobwino, koma yobwerera yodalirika ndi ya 6 koloko, ndipo ngati sitima yanu ikunyamuka 7 koloko, imeneyo ikufikitsani padoko itapita kale. Tsiku la sitalaka musadalire njanji.

WOULUTSA: Nanga munthu akatsaladi, zimatha bwanji?

KATSWIRI: Sitima iliyonse ili ndi woiimira padoko lililonse, amamutcha port agent. Dzina ndi nambala yake zimalembedwa pakapepala ka ndondomeko ya tsiku kamene amakupatsani m'sitima. Mukajambule pafoni musanatsike. Mukaona kuti mwachedwa, imbani nthawi yomweyo mukadali m'njira. Mukatsala, iyeyo ndi amene amakuthandizani, ndipo nthawi zambiri pasipoti yanu, ngati munaisiya m'sitima, amaisiya kwa iyeyo. Koma ndalama yokakumana ndi sitima ndi yanu. Doko lotsatira likakhala Naples muli ndi mwayi, chifukwa sitima yothamanga yochokera ku Rome imafika m'ola limodzi ndi mphindi zochepa. Likakhala Barcelona ndiye kuti ndi ndege ndi hotela. N'chifukwa chake potsika muzitenga khadi la kubanki, mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku, ndi chiphaso. Zimenezi zikhale m'kachikwama ka kutsogolo, chifukwa pa Termini ndi m'mabasi odzaza opisa m'matumba ndi ambiri.

WOULUTSA: Mtsikana wina wa ku Manchester akupita ndi agogo ake amene mawondo amawavuta. Akufunsa ngati n'kulakwa kusapita ku Rome.

KATSWIRI: Si kulakwa mwanangu, ndipo ukuwaganizira bwino agogo. Misewu yambiri ya pakati pa Rome ndi ya timiyala, ndipo mwezi wa July ndi August kumatentha koopsa. Pa Termini, sitima za ku Civitavecchia nthawi zambiri zimaima kumapeto kwenikweni kwa siteshoni, mtunda woti munthu wamphamvu amayenda mphindi 10. Ku Civitavecchia komweko kuli linga la Forte Michelangelo limene anayamba kulimanga mu 1508, kuli msika, kulinso msewu wa m'mbali mwa nyanja wokhala ndi malo opumira. Agogo akakhala ndi mphamvu, tauni ya Tarquinia ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 20, ndipo kuli nyumba yosungira zinthu za anthu akale otchedwa Etruscan. Kuli manda awo ojambulidwa m'makoma, koma kuti uwaone umatsika masitepe, ndiye uyambe waona m'mene agogo alili tsikulo.

WOULUTSA: Yomaliza yachokera ku Johannesburg. Bambo akuti akwera sitima ku Durban yopita ku Portuguese Island ku Mozambique, ndipo chaka chamawa akufuna ya ku Cape Town. Akufunsa ngati malangizo ndi omwewa.

KATSWIRI: Mfundo ya nthawi ndi yomweyo, koma katsikidwe n'kosiyana. Chilumba chimenecho chili pafupi ndi Inhaca, pakhomo pa gombe la Maputo, ndipo chilibe doko loti sitima yaikulu n'kuimapo. Amene anakwerapo sitima ya Ilala akudziwa m'mene zimakhalira pamagombe opanda doko: sitima imaponya nangula patali, anthu n'kumatsika ndi maboti. Kumenekonso ndi chimodzimodzi. Maboti amanyamula anthu m'magulu, ndiye mufunse za nthawi ya boti lomaliza, chifukwa imeneyo ndiyo nthawi yanu yeniyeni. Nyanja ikawinduka, kaputeni atha kuletsa kutsika, ndipo mawu ake ndi omaliza.

Cape Town ndi kosavuta. Sitima imaima pafupi ndi V&A Waterfront, poti mutha kuyenda wapansi. Chosamala nacho kumeneko ndi mphepo. Ikakula amatseka ngolo za pachingwe zokwera phiri la Table Mountain, ndipo maboti a ku Robben Island amaima. Ulendo wa ku Robben Island umatenga maola pafupifupi anayi, choncho mugule wa m'mawa.

Mwayi wanu bambo ndi woti South Africa, Mozambique ndi Malawi wotchi ndi imodzi. Koma a ku Mediterranean aja amve ichi: Greece ili patsogolo pa Italy ndi ola limodzi, ndipo foni imasintha nthawi yokha. Imene imagwira ntchito ndi nthawi ya m'sitima. Musanatsike, funsani wapakhomo kuti nthawi ili bwanji, mutchere wotchi yapamkono, ndipo tsiku lonse muziyendera imeneyo.

WOULUTSA: Omvera, nthawi yatithera. Amene makalata anu sitinawawerenge lero musadandaule, tidzayamba ndi amenewo sabata yamawa, pamene tidzakambe za inshuwalansi ya paulendo ndi zochita munthu akadwala ali panyanja.