Usalumphe ankhoswe, usalumphe mphunzitsi wako

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 24, kwathu ndi ku Molumbo. Ndikuphunzira za maganizo a anthu pa yunivesite ina ku Quelimane, ndipo mtima wanga uli pa uphungu wa mabanja. Patchuthi chapitachi achemwali anga ndi alamu adayambana koopsa, amayi n'kundiuza kuti ndiwakhazike pansi poti ndine wophunzira. Aphunzitsi anga adandiletsa kupereka uphungu popanda wondiyang'anira. Tsopano kumudzi akuti sukulu yandipatsa matama. Ndimaganizanso zolemba nkhani yawoyi mu monografia yanga, kafukufuku womalizira maphunziro. Ndichite chiyani?

Wothedwa nzeru, Molumbo

Mwana wanga,

Aphunzitsi ako sadalakwe. Mlandu wa achemwali ako si wako kuweruza. Unayamwa bere limodzi ndi mmodzi wa oyambanawo, ndiye ngakhale utayesetsa bwanji, alamu ako adzakuona ngati wa mbali ya mkazi wawo. Ngakhale aphungu okhwima salandira abale awo enieni.

Komatu banja limenelo si lamasiye. Lili ndi ankhoswe, wakuchikazi ndi wakuchimuna, amene adaima pamaso pa anthu tsiku la chinkhoswe. Pita kwa amayi, ugwade, unene kuti: "Sindikukana kuthandiza, koma nkhaniyi ili ndi eni ake, tiyeni tiwaitane." Wotero ndi mwana wodziwa mwambo, osati wamatama. Ntchito yako ndi kukhala mng'ono wabwino: kumvetsera achemwali ako akamalira, ndi kusunga pakamwa.

Za woyang'anira usaziyese chipongwe. Safunsa adadya phula. Salvador Minuchin, mmodzi mwa amene adakuza ntchito ya uphungu wa mabanja ku Philadelphia, ankaphunzitsa chonchi: wophunzira ali m'chipinda ndi banja, mphunzitsi ali kuseri kwa galasi loonera mbali imodzi, akuona ndi kumva zonse. Ku Molumbo galasi lotero kulibe, koma nzeru yake si yachilendo. Nkhoswe sabadwa akudziwa kuweruza. Amayamba wakhala chete kumbuyo kwa amalume ake pa milandu yambiri. Ukadzayamba estágio, kuphunzira pogwira ntchito kuja, lemba zimene wamva ndi zimene wayankha, ukazionetse kwa woyang'anira wako, osabisa pamene udasowa chonena. Iye ndiye adzaone ngati wayamba kukondera osadziwa.

Tsopano za kafukufuku. Nkhani ya achemwali ako usailembe. Ngakhale utasintha maina, aliyense wa kumudzi adzaizindikira, ndipo chilonda chimenecho sichidzapola msanga. Koma funso labwino uli nalo kale m'manja. Mabuku ambiri amene ukuwerenga adalembedwa ku America ndi ku Ulaya, kumene banja ndi bambo, mayi ndi ana. Kwanuko, monganso tsidya lina la malire ku Mulanje, amuna ambiri amakakhala chikamwini kwawo kwa mkazi, ndipo amalume ali ndi mawu pa ana a mlongo wawo. Mphungu amene angaitane mwamuna ndi mkazi okha, kusiya amalume ndi apongozi, wasiya panja theka la nkhani.

Tsono kafunse ankhoswe, anankungwi ndi akuluampingo a midzi ina, osati ya kwanu: amayamba kumva ndani, amakhazika anthu motani, nanga ndi milandu iti imene imawakanika? Uyambe wapeza chilolezo cha yunivesite ndi cha amfumu. Aliyense umufotokozere m'chilankhulo chake, kaya Chinyanja kaya Chilomwe, zimene udzachite ndi mawu ake, ndipo wokana umusiye mwaulemu. Molumbo yakhala boma palokha kuyambira 2013, itachoka pansi pa Milange. Mwana wa komweko, wodziwa chilankhulo ndi mwambo, ndiye woyenera kulemba mmene mabanja ake amayanjanira. Ukadzafuna kupitiriza, Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo ili ndi maphunziro apamwamba a uphungu wa mabanja ndi madera.

Pali chimodzi chimene sindifuna uchiphonye. Ufunse achemwali ako muli awiri ngati akumenyedwa kapena kuopsezedwa. Ngati zili choncho, imeneyo si nkhani ya "pirirani, banja ndi kupirira." Mozambique ili ndi lamulo la 2009 loletsa nkhanza za m'banja kwa amayi, ndipo apolisi ali ndi ofesi yolandira mabanja ndi ana ochitiridwa nkhanza. Pamenepo usadikire ankhoswe kapena aphunzitsi: aperekeze kuchipatala ndi kupolisi, uonetsetse kuti iwo ndi ana agona pabwino.

Ngati nkhanza palibe, aitanitse ankhoswe sabata ino. Tsiku la mlandu iwe ukatunge madzi, uphikire alendo nsima, ukhale kumbuyo kwa amayi n'kutchera khutu. Zimene ukamve pa mphasa imeneyo usakazilembe, koma zidzakuphunzitsa mafunso oti ukafunse kwina.

Azakhali