Phunziro 6: Mawu a Chingerezi Okhudza Voti ndi Ufulu

Alimi a ku Tsangano ndi ku Macanga, nthawi zina mapepala a makampani ndi mabungwe akunja amakufikani m'Chingerezi. Phunzirani mawu anayi awa, chifukwa onse akukhudza ufulu wanu wokhala ndi chonena.

Franchise: ufulu woponya voti. Ku Mozambique, nzika iliyonse imene yakwanitsa zaka 18, mwamuna kapena mkazi, ili nawo ufuluwu. Chisankho choyamba cha zipani zambiri chidachitika mu Okutobala 1994.

Disenfranchise: kulanda munthu ufulu woponya voti. M'nthawi ya Apwitikizi, lamulo la indigenato silinkawerengera anthu akuda ambiri ngati nzika, ndipo ankatengedwa kukagwira chibalo.

Emancipation: kumasulidwa ku goli lotere. Lamulo la indigenato lidathetsedwa mu 1961, ndipo dziko lidalandira ufulu wodzilamulira pa 25 Juni 1975.

Consultation: kufunsa anthu maganizo awo. Lamulo la Malo la mu 1997 lidakhazikitsa kuti boma lisanapereke DUAT kwa kampani, anthu a m'deralo ayenera kufunsidwa kaye. Pamsonkhano wotere mawu anu ndi ofunika ngati voti yanu. Musasayine kapena kudinda chala pa pepala limene simudalimve. Pemphani kuti akumasulireni m'chinenero chanu pamaso pa amfumu ndi anthu onse.

Zokambirana: Kodi amayi ndi achinyamata a m'mudzi mwanu adapatsidwa mpata wolankhula pa msonkhano womaliza wa za malo?