Malangizo: kompyuta ikayamba kuchedwa

Eni mashopu otayipa makalata ndi olowetsa nyimbo m'mafoni ku Namitete, Nsaru ndi Kabudula akaona kompyuta ikuchedwa, ena amathamangira mapulogalamu olonjeza kuyeretsa registry, yomwe ndi kaundula momwe Windows imasungiramo makonzedwe a mapulogalamu ndi zipangizo zonse zolumikizidwa. Phindu la kuyeretsaku ndi lochepa zedi, pomwe mzere umodzi wofunika ukafufutidwa pulinta imatha kuleka kusindikiza kapena kompyuta kukana kutseguka, n'chifukwa chake kampani ya Microsoft silimbikitsa mapulogalamuwa. Ngakhale CCleaner, yotchuka pa ntchitoyi, inalowetsedwa pulogalamu yoipa ndi akuba a pa intaneti mu 2017, ndipo pulogalamu yoipayo inafikira makompyuta oposa 2 miliyoni.

Kuno vuto lalikulu ndi fumbi la mwezi wa Okutobala, lomwe limatseka potulukira mpweya mpaka makina amatentha ndi kudzichepetsera okha liwiro, kotero liyenera kupemereredwa kompyuta itazimitsidwa. Pofuna kuteteza kompyuta, fulashi iliyonse ya kasitomala iunikidwe ndi pulogalamu yolimbana ndi mavairasi ya Microsoft Defender isanatsegulidwe, mafayilo ofunika akopedwe padisiki ina, ndipo mvula ya ziphaliwali ikayamba, nthambo zizulidwe pakhoma.